Maliro timawatha, matenda amatikanika

Uthenga unalowa pa gulu lathu la WhatsApp cha m'ma 5 koloko m'mawa, ine ndikutereka madzi osamba. "Abale, Agogo a kumunsi aja atisiya usiku wathawu." Pofika 7 koloko n'kuti msungichuma wa mlaga wathu, kagulu ka akhristu a mpingo wathu okhala dera limodzi, ataika kale nambala zake za Airtel Money ndi Mpamba, anthu atayamba kuponya. Aliyense akatumiza ankajambula uthenga wotsimikiza n'kuuika pagulu, enafe n'kumayankha ndi timanja topemphera tija. Dzuwa lisanafike paliwombo ndalama za bokosi la fomika zinali zitakwana, tenti itakhomedwa, masamba ali pamsewu, matumba awiri a ufa ndi kabichi wodzaza wilibala zili kuseri kwa nyumba. Amayi anafika maduku ali mbee, n'kuyamba nyimbo m'nyumba ya siwa. Anyamata anabwera ndi nkhuni. Kunapezekanso galimoto ziwiri zoperekeza maliro kumudzi ku Chiradzulu, mafuta othirathira.

Zonsezi zinatheka m'maola osakwana khumi. Agogo amenewo anali atagona pamphasa miyezi 11.

Dzina lawo ndilisunga, la mpingo wathu ndilisunganso, chifukwa wolakwa woyamba m'nkhaniyi ndine. Ine ndine dikoni. Ndimayenda m'makomo ndi kope la mapuleji, Lamulungu ndimakhala nawo powerenga chopereka ku vestry, ndipo kuchoka kwanga kukafika kwa Agogo ndi mtunda woti ukhoza kunyamula mbale ya nsima n'kukafika nayo ikadali yotentha.

Agogo anagwa mu Novembala 2023. Mweziwo sindiuiwala chifukwa ndi womwe Kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'magolosale n'kumasintha ife tikuona. Anali akuchapa pakhonde, anangogwera chammbali. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha ku Ginnery Corner, anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha BP yomwe inakhala zaka osayezedwa. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anangotsala amodzi okha akuti "eya", omwe ankayankha pa chilichonse, kaya akuvomera kaya akukana. Potuluka anauzidwa kuti azibwera kudzachita mafizo. Koma munthu wosayenda sakwera minibasi, pa kabaza sakhala, ndipo kuhayala galimoto kuchoka ku Chilomoni kukafika ku Ginnery Corner n'kubwerera si za mayi wamasiye wokhala nyumba ya lendi. Anapitako katatu, zinathera pomwepo. Mwana wawo mmodzi yekha wotsala ali ku Joni, amagwira ntchito za m'nyumba, ankatumiza kangachepe mwezi ukamukomera. Wodwazika matenda anali mdzukulu, mtsikana wa Sitandade 8.

Sikuti sitinapiteko. Tinapita Lamulungu loyamba atangotuluka, anthu 12 a mlaga, Mabaibulo kukhwapa. Tinaimba, tinawerenga Salimo 23, tinapemphera mosinthana. Tinasiya botolo la Sobo, buledi ndi paketi ya shuga. Koma ndinene zoona. M'chipindamo munali fungo la mkodzo lomwe kazenera kamodzi sikakanatha kulitulutsa, ndipo mapemphero athu tsiku limenelo anali aafupi kuposa masiku onse. Ine ndinagwira dzanja lawo lamoyolo n'kunena kuti, "Limbani mtima Agogo, Mulungu ndi sing'anga wamkulu." Anati, "Eya." Nditatuluka ndinakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, mumtima ndikudzimva kuti ndagwira ntchito ya Ambuye.

Ulendo wachiwiri tinalipo asanu. Khirisimasi itadutsa dzina lawo linangotsala papepala lomwe mlembi amawerenga nthawi ya zolengeza, kuti tikumbukire m'mapemphero odwala athu awa ndi awa. Tinkawakumbukiradi. Chaka chimenecho kunali ng'amba ya El Niño, mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, chimanga chinakwera, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chomveka choyang'anira m'poto mwake. Inenso changa chinali chomwecho, kuphatikiza china chomwe ndinkachikonda kwambiri: wodwalayo ndi mayi, ine mwamuna ndikatani kumeneko?

Amene anagumula chifukwa changachi ndi mayi wina wogulitsa makala pamphambano pathu. Sapemphera kwathu. Amapita ku kampingo kena kosonkhana m'kalasi pasukulu, komwe ena a ife tinkakatchula tikumwetulira chammbali. Tsiku lina mu Epulo magetsi atazima ndinalawirira kukagula makala, ndipo pabenchi ndinapeza mwana wake yekha. Nditafunsa kuti amayi ali kuti, mwanayo anati, "Apita kukatembenuza Agogo."

Kutchalitchi kutembenuka timakudziwa pa nkhani ya mtima. Kutembenuza kwinaku sindinkakudziwa, ndiye ndinatsetsereka kuti ndikaone.

Ndinadikira panja chifukwa anali akuwasambitsa. Atamaliza n'kuwafunditsa chitenje, anandiitana. "Munthu wogona chigonere ngati awa," anandiuza, "akakhalitsa mbali imodzi khungu limabooka." Anandionetsa pachidendene pomwe chilonda chinayamba ngati kadontho kakuda, kenako n'kuzama mpaka chala kulowa. Cha kumsana sanandionetse, anangoti n'chachikulu ngati kukamwa kwa kapu. Namwino wina wa m'dera mwathu ndiye anamuphunzitsa kutsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere, kupukuta mpaka pauma, kudzoza Vaseline pomwe sipanabooke, ndi kutembenuza wodwala pakatha maola awiri aliwonse, nsanza zopinda zili pakati pa maondo. Masana mdzukulu uja ankalimbana nazo yekha, koma kusambitsa ndi kusintha zogonera kumafuna anthu awiri. Pamphasa anayala pulasitiki wa m'kati mwa thumba la feteleza, pamwamba pake chitenje. Zitenje zinalipo zinayi, zonse zinkachapidwa tsiku lililonse, ndipo nthawi ya mvula zinkaumira pambaula. Phala ankawamwetsa atawatsamiritsa kukhoma, kasupuni pang'onopang'ono cha mbali yamoyo ya pakamwa, chifukwa ukafulumira ankatsamwa. Kapu imodzi inkatenga theka la ola. Mayiyu ankachita zimenezi m'mawa uliwonse asanatsegule benchi lake, kuyambira mu Disembala.

Ndinayamba kuyankhula zachidikoni, kuti Ambuye akudalitseni mayi, ife abambo zoterezi sitingazithe. Sanandiyang'ane n'komwe, anali akufinya chitenje.

"A Dikoni, kusambitsa ndiye ayi, mwambo sulola. Nanga ndowa nayonso ili ndi mwambo? Mwanayu amatunga ndowa zisanu ndi imodzi patsiku kumpopi uko. Sukulu anasiya mu Januwale."

Zoti anasiya sukulu sindinkazidziwa. Mwezi uliwonse ndinkadutsa pakhomopo ndi kope langa, ndikulumpha nyumbayo mwaulemu, poti wodwala sitingamuvutitse ndi puleji. Ndinkaona ngati chimenecho ndiye chifundo.

Usiku umenewo ndinatsegula Machitidwe a Atumwi mutu 6, pomwe timati udikoni unayambira. Ndime imeneyi inawerengedwa tsiku lomwe ankatiika paudindo, koma ine maganizo anali pa suti yanga yatsopano. Dandaulo lomwe lili pamenepo si la chiphunzitso ayi, ndi la chakudya. Akhristu oyankhula Chigiriki ku Yerusalemu anang'ung'udza kuti amasiye a mbali yawo akulumphidwa pa kagawidwe ka tsiku ndi tsiku. Atumwi sanayankhe kuti tiwakumbukire m'mapemphero. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, kuti ntchito yawo ikhale imeneyo. Amuna, taonani. Ndipo mayina onse asanu ndi awiri ndi Achigiriki, kuyambira Stefano ndi Filipo, ngati kuti mpingo unatenga chipande n'kuchipereka kwa mbali yomwe inkadandaulayo. Koma mawu omwe anandibaya ndi akuti tsiku ndi tsiku. Mpingo umenewo unali ndi dongosolo loti mayi wamasiye adye Lolemba, adyenso Lachiwiri. Ife dongosolo lathu la amasiye ndi la pa Khirisimasi, pomwe timawaimika pamzere, aliyense shuga ndi sopo m'manja, wachinyamata wina n'kujambula zokaika pa Facebook.

Yakobo ndiye sanyengerera. Pamutu 2 akufunsa phindu la munthu wouza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, chonsecho osamupatsa kanthu. Ndinayesa kupeza kusiyana pakati pa mawu amenewo ndi "sing'anga wamkulu" wanga uja, sindinakupeze.

Tsono n'chifukwa chiyani maliro timawatha chonchi? Ndisananene kanthu, ndisamveke ngati ndikunyoza maliro athu. Mayi anga atamwalira anthu anagona panja masiku awiri m'chisanu cha mu Juni, ena oti sindinkawadziwa n'komwe, ndipo nyimbo za usiku umenewo ndi zomwe zinandigwira kuti ndisagwe. Maliro n'kulirana, ndipo dziko lomwe anthu ake amadziwa kulirana lili ndi chuma. Koma maliro ali ndi zinthu zomwe matenda alibe. Ali ndi mathero: masiku awiri kapena atatu, adzukulu akwirira, nkhata zaikidwa, mfumu yabalalitsa anthu, aliyense kwawo. Ali ndi ndondomeko, aliyense amadziwa pokhala, amayi m'nyumba abambo panja, woyankhula woyamba ndi wotsiriza. Ali ndi mboni, chifukwa kope la chipepeso limawerengedwa mokweza, dzina ndi ndalama yake. Ndiponso ali ndi chilango. Kumudzi munthu wosayenda m'maliro, tsiku loti zamugwera adzukulu amangokhala pansi makasu ali poteropo, mpaka apepese. Sindinamvepo munthu atalipitsidwa nkhuku chifukwa chosazonda wodwala.

Matenda aatali alibe tsiku lotsekera, alibe wotsogolera mwambo, savalirwa yunifolomu, ndipo amanunkha. Ukalowa wekha m'nyumba ya wodwala umaona chomwe chikusowa, ndipo ukachiona wamangika. N'chifukwa chake timakonda kupita pagulu. Pagulu mumaona nonse, ndiye palibe amene wamangika.

Palinso china chomwe ine ngati dikoni ndiyenera kuvomera. Ambirife timalipira puleji diso limodzi lili pa maliro athu omwe, kuti tsikulo khadi lidzapezeke loyera, kwaya idzabwere, abusa adzalalikire. Anthu amanena poyera kuti ndikulipira kuti adzandiimbire. Ndipo ine, wina akatsalira miyezi yambiri, ndagwiritsapo ntchito mantha omwewo, ndikuseka ngati nthabwala: "Mayi, konzani khadi, za mawa sizidziwika." Anthu tawaphunzitsa tokha kuti mpingo umaoneka bwino tsiku lomwe iwo sangathenso kuuona.

Chonsecho kudwazika matenda si ntchito yachilendo kwa Akhristu a dziko lino. Zipatala za Nkhoma, Mulanje Mission, Ekwendeni, Embangweni, St Luke's ku Malosa, Nguludi ndi Mlambe ku Lunzu zonse zinabadwa m'mipingo, ndipo ku Malamulo ndi ku Utale ankasamalira akhate nthawi yomwe abale awo enieni ankawathawa. Mpaka lero zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito za umoyo m'dziko muno. Amayi a Mvano, Chigwirizano, Umanyano ndi a Dorika akhala akuzonda odwala kuyambira kale. Kuli ngakhale anamwino ophunzira ntchito yosamalira odwala matenda osachiritsika, monga a Tiyanjane ku Gulupu ndi a Ndi Moyo ku Salima. Koma namwino sangagone m'nyumba iliyonse, ndipo ine ndikuganiza kuti chipatala chitamangiridwa mpanda, enafe tinayamba kuona ngati odwala onse ali m'kati mwa mpandawo.

Ine ndiye sindikanayenera kuiwala, chifukwa ndinakulira m'nyumba ya wodwazika. Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo ubwana wanga unagwera m'zaka za m'ma 1990. Wodwala Edzi woyamba m'dziko muno anapezeka mu 1985, ndipo boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. M'zaka za pakatipo panalibe chomwe munthu wa kumudzi akanapatsidwa kupatula manja a mnzake. Anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ena ankangoti matenda omwewa, ndipo paguwa ena ankalalikira kuti ndi chilango. Mayi anga anali m'kagulu ka amayi a mpingo oyendera odwala m'makomo. M'chikwama mwawo munkakhala sopo, panado, kabotolo ka GV kopaka odwala zilonda za m'kamwa, ndi magolovesi akapezeka. Akasowa ankavala majumbo m'manja n'kumanga ndi mphira. Ankabwera madzulo zala zitathimbirira ndi GV, bambo akudandaula kuti nsima yachedwa, ine ndikuchita manyazi chifukwa anzanga kusukulu ankati kwanu mumadya zophikidwa ndi manja ogwira odwala. Sanachiritse ndi mmodzi yemwe. Onse omwe ankawayendera zaka zimenezo tinawaika. Ndili Fomu 2 ndinawafunsa kuti nanga phindu lake n'chiyani poti anthuwo afabe. Anali akupeta mphale, sanasiye n'komwe. Anati, "Iwe, maliro timasambitsa. Nanga wamoyo walakwanji?"

Sindinganame kuti kuchokera tsiku lomwe ndinatsetsereka lija ndinasanduka Stefano. Ndinayamba ndi madzi, Lachiwiri ndi Lachisanu ndikaweruka, zigubu zinayi pa wilibala. Anyamata a kabaza pamphambano ankafunsa ngati a Dikoni ayamba ganyu. Mayi a kunyumba anatenga Loweruka kukachapa, n'kuperekanso zitenje zitatu ndi makatani akale oti azing'amba. Mkulu wa mpingo wina yemwe ali ndi galimoto anavomera kumawanyamula kamodzi pamwezi kukayezetsa BP ndi kukatenga mankhwala. Ndinaphunzira kupinda ndi kuwongola zala za dzanja lakufalo kuti zisaumire m'kati. Masabata ena ndinkajomba. Mu Julayi ndinajomba milungu itatu yathunthu, chifukwa chake sindichikumbukira, kutanthauza kuti panalibe. Mayi wa makala sanandifunse kanthu. Anangondipatsa moni wautali, wofunsa za ana ndi za kuntchito mmodzimmodzi, womwe unandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Tsiku lina ndikuwongola zala zija ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku yomwe Agogo ankakonda kuyambitsa pa mlaga. Ndinangomva mawu akutuluka pambali panga. Munthu yemwe kwa miyezi isanu ndi itatu sananene china kuposa "eya" anaimba mzere wonse, mawu ake onse, opotoka koma omveka. Mdzukulu uja anataya beseni n'kuthamanga kukaitana anthu. Titasiya kuimba n'kuwafunsa dzina lawo, anati "eya". Namwino uja anatiuza pambuyo pake kuti zimachitika kwa odwala sitiroko ena, chifukwa nyimbo ndi kuyankhula siziyenda njira imodzi mu ubongo. Kuyambira pamenepo tinkaimba nthawi ya phala, ndipo ankameza bwinoko. Ndimadzifunsabe kuti tsiku lomwe tinabwera anthu 12 lija tikanakhala kanthawi, osathamangira panja, mwina tikanazitulukira mu Disembala momwemo.

Mayeso a mu Meyi anamudutsa mtsikanayo. Agogo anamwalira mu Okutobala kukutentha, chifuwa chitawagwira sabata imodzi.

Kope la chipepeso ndinawerenga ndine, dzina ndi ndalama, anthu akuvomera ndi mitu. Woyankhula m'malo mwa banja, malume ena omwe sindinawaonepo miyezi yonseyo, anathokoza mpingo wathu chifukwa chosamalira Agogo pa nthawi yonse ya matenda. Tinalandira mawuwo titakhala pamipando ya kutsogolo. Mayi wa makala sanatchulidwe. Anali kuseri akutsuka mbale, ndipo ine, yemwe ndinali ndi maikolofoni m'manja, sindinamutchulenso. Ndinaganiza zotero, koma ndinaona ngati zisokoneza ndondomeko.

Madzulo ake mdzukulu uja anandipeza pafupi ndi matumba a ufa. "A Dikoni, ufawu ukatsala mubwerera nawo?" Ndinati ayi mwanawe, ndi wanu. Anaugwiragwira thumbalo ngati akuyesa kulemera kwake, kenako anati, "Ukanabwera mu Malichi." Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu wonena kuti mvula yachedwa, n'kubwerera kukathandiza kutsuka mbale. Pano akukhala kwa mayi wa makala, anabwerera mu Sitandade 8.

Pamsonkhano wa mlaga wotsatira ndinapempha kuti tikhale ndi kope lina, la odwala ogona m'nyumba, lokhala ndi masiku ndi mayina a oti azipita, komanso kathumba kake ngati momwe tilili ndi thumba la maliro. Zinatenga maola awiri. Wina anati tikayamba zimenezi abale awo azithawa udindo, ndipo si bodza lenileni, alipo otero. Wina anati chilichonse chichitike koma thumba la maliro lisakhudzidwe. Wina anafunsa ngati osalipira puleji nawonso alowe m'kopemo, ndipo pamenepo panatentha moti mpaka lero sitinamvane. Analembetsa anthu 14. Obweradi ndi asanu, pena anayi, ndipo atatu mwa iwo ndi amayi omwe akanapitabe ngakhale popanda kope. Titayenda khomo ndi khomo tinapeza odwala ogona atatu mu mlaga wathu wokha. Mmodzi mwa iwo ambirife tinkayesa kuti anapita kumudzi kalekale.

Ameneyo ndi bambo ena okalamba omwe anali mlonda pa kampani ina ku Makata. Shuga inawadulitsa mwendo, maso n'kuchita khungu. Ndi amuna, ndiye chifukwa changa chokondedwa chija pamenepa sichigwira. Loweruka m'mawa ndimapita ndi beseni, sopo ndi lezala. Sayamika. Madzi akatentha akuti ndikufuna kuwasosola ngati nkhuku, akazizira akuti ndawatunga mu Mudi. Amati abusa athu amatalikitsa ulaliki, chonsecho papita zaka zisanu asanapondeko kutchalitchi. Sabata yatha ndikuwameta pansi pa chibwano anandigwira dzanja n'kuliimitsa.

"A Dikoni, lezala ili ndi lomwe lija la mwezi watha. Mukufuna mundisende ngati chinangwa?"

Linalidi lomwelo. Ndagula lina, lili m'thumba la jekete.